Kodi Boma Lingalape?

Mu Julayi 2019 m'nyuzipepala za dziko lino munatuluka chinthu chimene ife okulira m'nthawi ya chipani chimodzi sitinkayembekeza kudzachiona tili moyo: unduna wa boma unapepesa kwa Amalawi. Unali unduna wa zamalimidwe, ndipo nkhani yake inali ya mathirakitala. Dziko lino linakongola madola 50 miliyoni ku India, ndipo mwa katundu amene anagulidwa ndi ndalamazo munali mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144, zoti zipepuze ntchito ya alimi ang'onoang'ono. Zambiri mwa izo zinathera m'manja mwa andale, akuluakulu a m'boma ndi ena otchuka, pamtengo wozizira. Chimene chinatifika tonse mofanana ndi ngongole yokha, mpaka kwa agogo a ku Nkhulambe amene akulimabe ndi khasu.

Musaganize kuti undunawo unadzuka m'mawa wina chikumbumtima chikuuluma. Unachita kulamulidwa. Mlimi wina wa ku Rumphi ndi phungu wina wa ku Dedza anakadandaula ku ofesi ya Ombudsman, ndipo mu Okutobala 2016 mayi Martha Chizuma, amene anali pampandowo nthawi imeneyo, anatulutsa lipoti lolamula alembi aakulu a unduna wa zachuma ndi wa zamalimidwe kuti apepese poyera. Boma linakana kwamtuwagalu. Loya wamkulu wa boma anatengera nkhaniyo ku High Court n'kupambana. Ombudsman anachita apilo, ndipo mu Febuluwale 2019 khoti la Supreme linagamula kuti ofesiyo inali nazo mphamvu zofufuza nkhaniyo ndi kulamula zimene inalamulazo. Chidodo chinalipobe, moti mu 2020 khoti linapeza alembi aakulu awiri olakwa pa mlandu wonyozera chigamulo.

Kuno ku Phalombe Boma ndili ndi mkulu mnzanga amene anaphunzitsa katekisimu zaka zambiri, ndipo nkhani imeneyi timaikokana tikakumana. Iye amangopukusa mutu. "Achimwene," amatero, "kupepesa kochita kukokedwa ndi chingwe si kupepesa. Mulungu amayang'ana mumtima. Munthu amene wapepesa poopa ndende wangoonjezera bodza pa tchimo lake." Mawu ake ndi olemera, ndipo sindiwapeputsa. Tonsefe tinaphunzira kuti kulapa kumayamba ndi chisoni. Koma ine ndimati mnzangayo akufunafuna mtima pamalo pamene sipakhala mtima.

Mumphakati mwathu muli mayi wina wamasiye. Amuna awo ankagwira ntchito m'boma ndipo anatisiya asanafike popuma. Panali ndalama zimene lamulo limati ndi za mayiwo ndi ana. Anayamba kuyenda. Ku ofesi ina anauzidwa kuti fayilo inatumizidwa kale. Kumene inatumizidwako anati sinafike. Tsiku lina amene amasayina kunalibe, tsiku lina netiweki inavuta, tsiku linanso abwana anali ku msonkhano kunyanja. "Mubwere sabata yamawa, mayi." Ndalama ya nandolo yonse inathera m'maminibasi, mwana wamkulu anasiyira sukulu panjira, ndipo mayiwo anangokhala pansi. Nditawauza kuti tilembe kalata yodandaula anakana mwaulemu: "Iyayi bambo, ine ndinazisiya m'manja mwa Mulungu. Ndinawakhululukira." Ndinawafunsa kuti, "Mayi, mwakhululukira ndani?" Anaganiza kwa kanthawi, koma dzina silinabwere. Palibe amene anawatukwana. Aliyense anawalandira bwino, ena mpaka kuwapatsa mpando.

Limeneli ndilo tchimo la mu ofesi: lilibe mwini. Limaduladulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, aliyense n'kutenga kake kosalemera. Kalaliki anaika fayilo pansi pa zinzake chifukwa panabwera ina ya munthu wodziwika. Wina anaona kuti pakusowa chikalata chimodzi koma sanauze mwiniwake. Abwana anati asayina akabwerako. Palibe mmodzi mwa iwo amene Loweruka adzapite kwa ansembe kukaulula kuti anachedwetsa fayilo, ndipo Lamulungu ena a iwo amatsogolera nyimbo ndi mtima woyera ndithu. Koma mukaphatikiza tizidutswa tonseto mupeza mwana wasiya sukulu, banja likugona ndi njala. Choipa chachitika chathunthu, wochimwa wathunthu palibe. Ndiye chisoni chamumtima chimene mnzanga akufunacho chidzachokera mumtima wa yani?

Ntchito ya Ombudsman, mmene ndimaionera ine, ndiyo kutolera tizidutswa timeneti n'kutiika pamodzi kuti choipacho chioneke msinkhu wake. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anakhazikitsa ofesiyi m'ndime 120 mpaka 128, ndipo lamulo lofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito linabwera mu 1996. Ombudsman amasankhidwa kudzera m'komiti ya Nyumba ya Malamulo, osati ndi nduna kapena mtsogoleri wa dziko, ndipo amakhala pampando zaka zisanu. Angathe kuitanitsa mafayilo, kuitana wogwira ntchito m'boma kuti adzayankhe mafunso, kulamula kuti cholakwika chikonzedwe, ngakhalenso kutumiza nkhani kwa mkulu woimira boma pa milandu ngati waona kuti pali mlandu. Nzeru imeneyi si yathu yokha. Dziko la Sweden linaiyamba mu 1809, ndipo mu Africa muno Tanzania ndiyo inatsogola mu 1966 nthawi ya Julius Nyerere. Kukhoti amakufunsa lamulo limene laphwanyidwa ndiponso ngati uli ndi loya. Kwa Ombudsman ungapite ndi zinthu zimene woweruza sangazigwire bwinobwino: kuchedwetsa, kusayankha makalata, kukondera, kuchotsa munthu ntchito osamumva mbali yake.

Tsono za kupepesa kolamulidwa. Aliyense wa ife anakhalapo pabwalo la mfumu. Mbuzi za munthu zadya mmera wa mnzake, kapena wina wadumpha malire a munda. Nduna zikamva mbali zonse, mfumu imagamula kuti wolakwa apepese pamaso pa anthu ndipo apereke nkhuku. Palibe amene amang'amba chifuwa chake kuti aone ngati wamvadi chisoni. Nthawi zambiri amapepesa nkhope ili gwaa, mawu akutulukira m'mano. Komabe bwalo limabalalika mlandu utatha, chifukwa mudzi wonse wamva kuchokera pakamwa pa wolakwayo kuti mundawo ndi wa yani. Mawa sangadzanenenso kuti malire anali pena. Za mumtima mwake adzakambirana ndi Mulungu wake, koma choonadi chakhazikika pagulu. Pamene unduna unalemba kuti unalakwira Amalawi pa mathirakitala, unavomera chinthu chimene maboma athu sakonda kuvomera: kuti katunduyo anali ndi eni ake, ndipo eni akewo si amene amakhala m'maofesi.

Mnzanga uja akamati zimenezi ndi nzeru za kumudzi chabe, ndimamutengera ku Filipi, m'chaputala 16 cha Machitidwe a Atumwi. Paulo ndi Sila anakwapulidwa pagulu popanda kuzengedwa mlandu, n'kuponyedwa m'ndende. Kutacha akuluakulu a mzindawo anatuma asilikali kuti akawamasule mwakachetechete. Munthu wa Mulungu, amene usiku womwewo ankaimba nyimbo m'matangadza, akanatha kungothokoza n'kumapita. Paulo anakana kutuluka. Anakumbutsa kuti iwo ndi nzika za Roma, kuti anamenyedwa poyera, ndipo anaumirira kuti amene analamula zimenezo abwere okha adzawatulutse. Akuluakuluwo anabweradi n'kuwapepesa. Buku lomwelo silibisa chimene chinawabweretsa: anachita mantha atamva za unzikawo. Kunali kupepesa kwa mantha, kokokedwa ndi chingwe, ndipo Paulo anakulandira. Ndikhulupirira kuti sankafuna kudzitonthoza yekha. Mumzindamo ankasiyamo Lidiya ndi kagulu ka Akhristu atsopano, ndipo akuluakulu amene achititsidwa manyazi kamodzi amayamba aganiza kawiri asanakwapulenso wina.

Ngakhale Mpingo wathu umene, pa msonkhano wa ku Trent mu 1551, unaphunzitsa kuti chisoni chobwera chifukwa choopa chilango, ngakhale n'choperewera, si chinyengo, koma ndi mphatso yomuyambitsa munthu ulendo wobwerera. Ngati Mulungu sataya munthu wobwera kwa Iye chifukwa choopa moto, ine ndine yani kuti nditaye kalata ya mlembi wamkulu chifukwa anailemba poopa woweruza?

Pali pamene mnzangayo amandigwira pakhosi, ndipo pamenepo ndimangovomera. Amanditchulira Zakeyu. Wamsonkho uja atatembenuka sanathere pa mawu: analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Nanga mathirakitala aja? Mlimi wa ku Mpasa kapena ku Chiringa sanaone thirakitala ikulowa m'munda mwake chifukwa cha kalata ya m'nyuzipepala, ndipo ngongole ya ku India ikubwezedwabe ndi misonkho ya pa sopo ndi mchere. Kulapa kopanda kubweza n'kolumala mwendo umodzi. Mu 2017 ofesi yomweyi inatulutsa lipoti lina lokhudza anthu amene anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Bwalo lapadera limene linakhazikitsidwa kuti liwapatse chipukutamisozi linatsekedwa patatha zaka khumi, anthu zikwizikwi asanalandire zawo. Ambiri a iwo anali okalamba kale pamene lipotilo linkatuluka, ndipo pepala silidikiritsa imfa.

Ofesiyi ili ndi zofooka zoonekeratu. Ilibe apolisi ake. Ndalama zoyendetsera ntchito imazilandira kuchokera ku boma lomwe ikulifufuzalo, ndipo wofuna kuifooketsa safunika kukangana nayo, amangochedwetsa mafuta a galimoto. Zigamulo zake zina zimagona m'madirowa. Ndiponso ili kutali. Munthu wa ku Phaloni kuti akafike ku ofesi ya ku Blantyre ayenera kugulitsa kanthu kaye. M'chaka cha 2018 unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi ofesiyi unayamba kuika anthu omva madandaulo m'zipatala, ndipo ndi chinthu chabwino, makamaka kwa ife amene tinakhala zaka zambiri tikudalira Holy Family mpaka chipatala cha John Chilembwe chinatsegulidwa ku Migowi mu 2022. Koma womva madandaulo wa pachipatala kawirikawiri amakhala wa m'nyumba momwemo, wodya nsima limodzi ndi amene akudandauliridwawo. Pafunika munthu wolimba mtima kuti alembe lipoti lotsutsa mnzake amene mawa akwere naye ambulansi imodzi.

Chinanso chimandidetsa nkhawa. Timakonda kutamanda munthu m'malo molimbitsa mpando. Mayi Chizuma atatulutsa lipoti la mathirakitala, kenaka la amayi ochotsedwa chiberekero m'zipatala zikuluzikulu mu 2019, ndi la ndalama za Covid-19 mu 2020, anthu anayamba kulankhula ngati ofesiyo ndi iwowo. Koma iwo anachoka mu 2021 kupita ku bungwe lothana ndi katangale, mayi Grace Malera n'kulowa m'malo mwawo, monganso iwo analowa m'malo mwa mayi Tujilane Chizumila. Anzathu a ku South Africa anaziona mbali zonse ziwiri. Thuli Madonsela anaimirira pa nkhani ya nyumba ya Jacob Zuma ku Nkandla mpaka khoti lawo lalikulu linagamula mu Malichi 2016 kuti zimene ofesiyo yalamula ziyenera kutsatidwa. Amene anabwera pambuyo pake, Busisiwe Mkhwebane, anachita kuchotsedwa ndi nyumba ya malamulo mu 2023. Woyang'anira anzake nayenso ndi mwana wa Adamu. N'chifukwa chake ndimakondwera kuti malamulo athu amalola High Court kuunikanso zigamulo za Ombudsman, ngakhale kuti njira yomweyo ndi imene boma linadzera pofuna kuzemba za mathirakitala. Bola kuchedwa koteroko kusiyana ndi kukhala ndi munthu mmodzi wosafunsidwa ndi aliyense. Ameneyo tinakhala naye kale zaka makumi atatu.

Zaka zimenezo zinatisiyira matenda amene sanatheretu. Tinaloweza ngodya zinayi, ndipo mwa zinayizo kumvera ndi kusunga mwambo ndizo zinalowa m'mafupa. Wofunsa funso ankatha kukagona ku Mikuyu. Ndiye tinaphunzira kunena kuti boma silitsutsidwa, ndipo pofuna kuti mantha athu aoneke oyera tinawaveka chaputala 13 cha kalata ya kwa Aroma, chimene chimaphunzitsa kuti ulamuliro umachokera kwa Mulungu. Timaiwala kuti wolemba chaputala chimenecho ndi yemwe uja anakana kutuluka m'ndende ya ku Filipi, ndiponso kuti chaputalacho chimamutcha wolamulira mtumiki, woikidwa kuti achitire anthu zabwino. Mtumiki amafunsidwa za ntchito yake. Maepiskopi athu anazindikira zimenezi pamene kalata yawo inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo kuchokera pamenepo panabwera riferendamu ya 1993 ndi malamulo a 1994. Ndime 12 ya malamulowo imati mphamvu zolamulira ndi za anthu, ndipo olamulira amangosungitsidwa. Wokadandaula kwa Ombudsman sakuukira boma. Akugogoda pakhomo limene boma lomwelo linamanga n'kulembapo kuti odandaula alowere apa.

Ife a ku Phalombe tikudziwa bwino zinthu zoyenera kusiyira Mulungu. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kutsikira kuli chete tsiku limodzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Nkhulambe ndi madera ena. Napolo sungamuitanire kubwalo. Pamenepo munthu amagwada, amalira, n'kunena kuti Mwini moyo ndiye akudziwa, ndipo palibe nzeru ina yoposa imeneyo. Koma madzi akaphwa pamabwera kaundula wa olandira thandizo, ndipo kaundula salembedwa ndi mphepo. Amalembedwa ndi munthu wogwira cholembera, wokhala ndi dzina, wolandira malipiro. Dzina la nkhalamba likasowamo koma la mlamu wake wa wolembayo lilimo kawiri, kunena kuti "ndi chifuniro cha Mulungu" ndi kumunamizira Mulungu mlandu wa munthu. Timasakaniza ziwirizi chifukwa zonse zimatipweteka mofanana ndipo zonse zimaoneka zazikulu kutiposa. Woipa amakondwera tikazisakaniza.

Za kukhululuka nazonso tiyenera kuzilongosola bwino m'mipingo mwathu. Mayi wamasiye uja anachita bwino kuchotsa chidani mumtima, ndipo pamenepo anandiposa, chifukwa ine ndinali wokwiya kuposa iwo. Koma munthu amakhululuka ngongole yake, sakhululuka ya mnzake. Ndalama zija zinali za ana awonso. Ndipo dirowa imene inameza fayilo yawo ikadali yotsegula, ikudikira mayi wina amene amuna ake lero ali moyo. Nditawauza zimenezi anakhala chete, kenaka anati, "Ngati ndi choncho lembani, bambo, koma musatchule munthu moipa." Tinalemba motero: masiku amene anapita, mayankho amene analandira, mapepala amene anapereka, popanda mawu achipongwe ngakhale amodzi. Kalata yotero imagwirizana bwinobwino ndi mtima wokhululuka. Siifunira aliyense choipa, imangofuna kuti ntchito igwirike.

Ndiye kodi boma lingalape? Monga amalapira munthu, ndi misozi ndi kusweka mtima, iyayi. Limenelo ndi gawo la kalaliki payekha, mlembi wamkulu payekha, nduna payokha, ndipo ndimawapempherera kuti tsiku lina fayilo yochedwetsedwa idzalowe m'gulu la machimo amene anthu amaulula. Koma boma lingathe kuvomera poyera kuti linalakwa, lingathe kubweza, ndipo lingathe kusintha kachitidwe kake kuti wotsatira asapwetekedwenso. Pa zitatuzi, pa nkhani ya mathirakitala tinapeza choyamba chokha, ndipo tinachipeza chifukwa mlimi mmodzi wa ku Rumphi sanangoti zili m'manja mwa Mulungu. Mnzanga wa katekisimu akuti chimodzi mwa zitatu ndi kulephera mayeso. Ine ndikuti dziko limene linazolowera ziro lisanyoze chimodzicho, koma lisakhutirenso nacho.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. A ofesi ya Ombudsman, musamadikire kuti a ku Phalombe akupezeni ku Blantyre. Muzibwera pafupipafupi, mukhale pansi pa mtengo pa Migowi kapena pa Chiringa tsiku la msika, ndipo muzibweranso kudzatiuza kuti madandaulo a ulendo watha anathera pati. Ndipo inu abusa, ansembe, mashehe ndi atsogoleri a miphakati, mumpingo uliwonse muli mphunzitsi wopuma kapena mwana wa Fomu 4 wodziwa kulemba kalata. Mpatseni ntchito yothandiza amasiye ndi okalamba kulemba madandaulo awo, monga mmene mumasankhira oyendera odwala. Auzeni anthu kuti ndime 43 ya malamulo aakulu imawapatsa ufulu wouzidwa zifukwa, zolembedwa papepala, ofesi ya boma ikapanga chiganizo chowakhudza. Azisunga kope la chikalata chilichonse ndi kulemba tsiku lililonse limene abwezedwa. Kudandaula kwa Ombudsman sikufuna loya, ndipo salipiritsa ngakhale tambala.